Musanataye Rimoti: Mmene Mungakonzere Zipangizo Zopanda Waya Zosewerera Magemu pa TV

Munthu akaloza pa TV rimoti ya makina osewerera magemu otchedwa Wii, kachala ka pa sikirini n'kumanjenjemera kapena kusowa kumene, maganizo oyamba amakhala akuti rimotiyo yafa. Amaiponya m'kabati n'kufunafuna ina, koma ina ija ikafika vuto limakhala lomwe lija. Zimandimvetsa chisoni, chifukwa nthawi zambiri chipangizocho chimakhala chabwinobwino. Cholakwika chimakhala malo amene chaikidwa, kuwala kwa m'chipinda, kapena mabatire amene atsala pang'ono kutha. Ndikufuna tiyende limodzi pang'onopang'ono, kuyambira pa kumvetsa chipangizo chimene muli nacho mpaka pamene munganene motsimikiza kuti chawonongekadi.

Yambani ndi funso ili: n'chiyani chikuona chinzake?

Pa Wii, imene Nintendo inatulutsa mu 2006, pali kandodo kamene kamaikidwa pafupi ndi TV. Dzina lake ndi Sensor Bar, ndipo dzinali lasocheretsa anthu ambiri, chifukwa kandodoka sikaona kanthu, sikamva kanthu, ndipo sikatumiza uthenga uliwonse ku makina. M'kati mwake muli timababu 10, tisanu mbali ino ndi tisanu mbali inayo, totulutsa kuwala kwa infrared kumene maso athu sakuona. Diso lili mu rimoti. Kumphuno kwa rimoti kuli kawindo kakuda, ndipo kuseri kwake kuli kamera yaing'ono imene imaona timababu tija ngati madontho awiri owala. Potengera pamene madonthowo ali komanso kutalikirana kwake, makina amadziwa kumene mwaloza ndiponso kutalika kwa pamene mwaima. Uthengawo umachoka mu rimoti kupita ku makina kudzera pa Bluetooth. Kawaya kowonda ka kandodo kaja ntchito yake ndi imodzi basi, kubweretsa magetsi.

N'chifukwa chake tindodo topanda waya timagwira ntchito popanda kutilumikiza ndi makina. Mukaika mabatire n'kuyatsa, mwamaliza. Ena anayesapo kuika makandulo awiri oyaka pafupi ndi TV ndipo kachala kanayenda, popeza moto umatulutsanso infrared. Ndazitchula kuti mumvetse mmene zimagwirira ntchito, koma chonde musayatse moto m'chipinda chimene anthu akugwedeza manja uku ndi uku.

PlayStation Move, chogwirira cha Sony cha mu 2010, ndi yosemphana ndi zimenezi. Kamera imakhala pa TV, ndipo kuwala kuli m'manja mwanu, pa kampira kofewa kamene kamayaka kunsonga kwa chogwiriracho. Kinect ya Microsoft, imene inatulukanso mu 2010 pa Xbox 360, imachita zonse yokha: imamwaza timadontho ta infrared m'chipinda, n'kuyeza ndi kamera kutalika kwa chilichonse, thupi lanu lomwe. Kinect ili ndi waya wopita ku makina, koma inu simugwira kanthu. Pomwe ma Joy-Con, zogwirira za makina a Nintendo Switch a mu 2017, safuna kamera kapena kandodo pa TV. Amadalira tizipangizo tiwiri ta m'kati mwake, accelerometer imene imamva kugwedezeka ndi kupendekeka, ndi gyroscope imene imamva kutembenuka.

Mukadziwa kumene kuli diso ndi kumene kuli kuwala, theka la mavuto mudzawathetsa nokha.

Onani ngati zipangizozo zimagwirizana musanagule

Apa ndidutsa mwachangu, koma musalumphe. Magemu ena a Wii, monga Wii Sports Resort ya mu 2009, sayamba popanda Wii MotionPlus, kabokosi kokhala ndi gyroscope kamene kamalowetsedwa kunsi kwa rimoti. Marimoti amene anayamba kutuluka mu 2010 ali nako kale m'kati, ndipo mudzawazindikira ndi mawu akuti Wii MotionPlus INSIDE olembedwa kumunsi. Marimoti a Wii amagwiranso ntchito pa Wii U, makina amene anatsatira Wii, koma osati pa Switch. Move imafuna kamera ya PlayStation Eye pa makina a PlayStation 3 ndi PlayStation Camera pa PlayStation 4, ndipo makamera awiriwa sasinthanitsidwa pa ntchitoyi. Kinect ya Xbox 360 silowa pa Xbox One, ndipo Xbox Series X ndi Series S sizilandira Kinect ya mtundu uliwonse. Ngati Xbox 360 yanu ndi yoyambirira ija, Kinect idzafuna adaputa yakeyake ya magetsi. Eni Switch Lite, Switch yaing'ono yosewerera m'manja, akumbukire kuti ma Joy-Con samamatira pa makina awo, choncho ayenera kupeza njira ina yowatchajira.

Zambiri mwa zipangizozi mudzazipeza zogwiritsidwa ntchito kale, chifukwa zina zinaleka kupangidwa. Kinect inasiya kupangidwa mu 2017. Pogula rimoti yakale, tsegulani kachitseko ka mabatire muone ngati mulibe ufa woyera kapena dzimbiri pa tizitsulo. Marimoti achinyengo nawonso ndi ochuluka. Ena amagwira ntchito ndithu, koma ine ndingakonde rimoti yeniyeni yokandika pang'ono kusiyana ndi yachinyengo yonyezimira, makamaka pa magemu ofuna kulunjika.

Ikani kandodo kapena kamera pamalo pake

Sankhani pamwamba kapena pansi pa TV, koma pakhale pakati penipeni pa sikirini. Kutsogolo kwa kandodo kuyang'ane kwa osewera, ndipo kafike m'mphepete mwenimweni mwa tebulo kapena shelefu. Mukakakankhira m'kati, mlomo wa tebulo umatchinga timababu munthu akakhala pansi, ndipo tebulo lonyezimira limabweza kuwala n'kupanga madontho ena abodza. Kakhale mowongoka, kosapendekeka. Pa TV zowonda za masiku ano kandodo sikakhazikika pamwamba popanda chomatira, choncho ambiri amasankha pansi, ndipo palibe cholakwika.

Kenako uzani makinawo zimene mwachita. Lowani mu Wii Settings, sankhani Sensor Bar, kenako Sensor Bar Position, n'kusankha Above TV ngati kali pamwamba kapena Below TV ngati kali pansi. Mukaiwala zimenezi kachala kamaoneka pamwamba kwambiri kapena pansi kwambiri kuposa pamene mwaloza, ndipo dzanja limatopa msanga.

Ngati mwagula kandodo kopanda waya, zulani kakale kaja kumbuyo kwa makina. Tikayaka tonse tiwiri, rimoti imaona madontho anayi n'kusokonezeka. Dziwaninso kuti tindodo tambiri ta mabatire timazima tokha pakapita nthawi pofuna kusunga moto. Kachala kakasowa mwadzidzidzi pakati pa gemu, yang'anani kaye kumeneko. Ubwino waukulu wa kandodo kopanda waya ndi woti mungakaike pafupi ndi inu, zimene zimathandiza kwambiri ngati mukuonetsa gemu pakhoma ndi pulojekita kapena ngati makina ali kutali ndi TV.

Imani pakati pa mita 1 ndi mamita 3 kuchokera pa kandodo. Mukayandikira kwambiri, madontho awiri aja sakwana m'diso la kamera. Mukatalikira kwambiri amazimirira.

Kinect imafuna malo ambiri kuposa zonsezi. Iikeni pakati pa masentimita 60 ndi mamita 1.8 kuchokera pansi, ndipo wosewera mmodzi aime pafupifupi mamita 1.8 kuchokera pomwe ili. Mukakhala awiri, bwererani mpaka mamita 2.4. Iyenera kuona thupi lonse, mapazi omwe, ndiye katebulo kamene kali pakati pa inu ndi TV kachoke. Musaiike pamwamba pa sipika kapena pa makina enieniwo, chifukwa kunjenjemera ndi phokoso zimaisokoneza. Ya Xbox 360 ili ndi kamota kamene kamaweramitsa ndi kudzutsa mutu wake. Musaukakamize ndi dzanja, timagiya take ndi tosachedwa kuthyoka.

Pa PlayStation Eye pali chinthu chaching'ono chimene ambiri sachiona. Mphete ya pa diso la kamera imatembenuka, ndipo ili ndi kadontho kofiira ndi kabuluu. Posewera ndi Move itembenuzeni ifike pa kabuluu, kuti kamera ione malo otambalala.

Tsopano kuwala, kumene kuli gwero la mavuto ambiri

Dzuwa lili ndi infrared wochuluka zedi. Ngati kumbuyo kwa TV kuli windo, kamera ya mu rimoti imaona ngati munthu amene akufunafuna nyali ziwiri zazing'ono atayang'ana dzuwa. Tsekani makatani. Mababu akale otentha aja, makandulo, mbaula zamagetsi zoothera ndi timagetsi tokongoletsa nyumba nazonso zimatulutsa kuwala komweko. Kalilole, chitseko cha galasi cha kabati, ngakhale chithunzi cha pakhoma chokhala ndi galasi, zimatha kubweza kuwala kwa kandodo n'kukaonetsa ngati pali tindodo tiwiri.

Chosangalatsa n'chakuti Wii imakulolani kuona zimene rimoti ikuona. Mu Wii Settings momwemo, pansi pa Sensor Bar, sankhani Sensitivity, n'kuloza rimoti pa TV muli pamalo amene mumasewerera. Pa sikirini padzaoneka kabokosi, ndipo m'menemo muyenera kuona madontho awiri okha. Akakhala atatu kapena kuposa, pali kuwala kwina kumene kukulowerera. Yendetsani rimoti pang'onopang'ono uku ndi uku, ndipo mudzapeza kumene kukuchokera. Mukaona limodzi kapena osaona kalikonse, mwatalikira, china chake chatchinga, kapena kandodo sikakuyaka. Mabatani a + ndi − amakweza kapena kutsitsa mphamvu ya diso, kuyambira 1 mpaka 5. Ambiri amathamangira pa 5 poganiza kuti ndiye bwino koposa, koma diso likakhala lakuthwa kwambiri limatolanso kuwala kosafunika. Kwezani mpaka madontho awiri aoneke bwino, n'kulekera pomwepo.

Mukakayikira ngati kandodo kakuyakadi, tengani foni, tsegulani kamera, n'kuloza pa kandodoko. Makamera ambiri a foni amaona infrared, ndipo timababu timaoneka ngati tinyali totuwa mofiirira mbali zonse ziwiri. Mafoni ena ali ndi sefa yotchinga kuwalaku pa kamera yakumbuyo, ndiye mukapanda kuona kanthu yesani yakutsogolo. Kuti mutsimikize kuti kamera yanu imaonadi, yesani kaye ndi rimoti ya TV mukudina batani. Ngati mbali imodzi ya kandodo ikuyaka ina yazima, kandodoko ndi kamene kawonongeka, osati rimoti.

Move imada kuwala kwa mtundu wina. Makina amasankha okha mtundu wa kampira kuti usiyane ndi zinthu za m'chipinda, koma ngati kumbuyo kwanu kuli windo lowala kapena nyali yamphamvu, kamera imalephera kukasiyanitsa. Chipinda chowala pang'ono ndiye chabwino. Kinect nayonso dzuwa likamaiomba kapena likamaomba wosewera imavutika, ndipo zovala zotayirira kwambiri zimaibisira pamene pali maondo ndi zigongono.

Kulumikiza chogwirira ndi makina

Pa Wii, yatsani makina n'kutsegula kachitseko ka kutsogolo kumene kumalowa khadi la SD. Mudzaona batani lofiira lolembedwa SYNC. Chotsani chotsekera mabatire pa rimoti, ndipo mudzapeza lina lofiira laling'ono. Dinani la pa rimoti, tinyali tinayi tabuluu tiyambe kuphethira, kenako dinani la pa makina tinyalito tisanaleke. Kamodzi kakatsala koyaka osaphethira, zatheka, ndipo malo a kanyaliko ndiwo nambala ya wosewera. Makina amalandira marimoti anayi nthawi imodzi. Lumikizani imodzi imodzi, osati zonse pakamodzi. Zikakanika mobwerezabwereza, dinani SYNC ya pa makina osachotsa chala kwa masekondi 15 kuti aiwale marimoti onse, n'kuyambiranso.

Bolodi lopondapo la gemu yolimbitsa thupi ya Wii Fit, limene limatchedwa Wii Balance Board, limalumikizidwa chimodzimodzi, ndipo batani lake lili m'chipinda cha mabatire anayi a AA. Limatenga malo a wosewera wachinayi, choncho musadabwe rimoti yachinayi ikakana kulowa bolodi likuyaka.

Move imafuna waya tsiku loyamba lokha. Ilumikizeni ku makina ndi chingwe cha USB, dinani batani la PS, kenako zulani. Onetsetsani kuti chingwecho ndi chodutsa uthenga, chifukwa zingwe zina ndi zotchajira chabe. Zoyambirira zili ndi kabowo ka Mini USB, pomwe zatsopanopo zili ndi Micro USB. Ma Joy-Con ndi osavuta kuposa zonse: alowetseni m'mbali mwa makina mpaka amveke kuti khe, ndipo alumikizika. Mukafuna kutero osawalowetsa, pitani pa Controllers, sankhani Change Grip/Order, n'kudina kabatani kakang'ono kozungulira kamene kali m'mphepete mwa Joy-Con.

Bluetooth imayenda pa 2.4 GHz, msewu womwewo umene Wi-Fi ndi zipangizo zina zambiri zimadutsa. Chogwirira chikamaduka kapena kuchedwa kumvera, chotsani makina kuseri kwa TV kapena m'kabati yachitsulo, ndipo muwatalikitse ndi rauta, masipika opanda waya ndi uvuni wa microwave. Madzi nawonso amatchinga mafunde a Bluetooth, n'chifukwa chake thanki ya nsomba za m'nyumba ikakhala pakati imasokoneza, komanso kufumbata Joy-Con yonse m'manja kapena kuibisa kuseri kwa thupi kumatha kuidula.

Phunzitsani chipangizo tanthauzo la kukhala chete

Gyroscope siona TV. Imangowerengera kuti mwatembenuka mochuluka bwanji kuchokera pomwe munayambira, ndipo pa kuwerengera kulikonse pamakhala kacholakwika kakang'ono. Tizolakwikato timaunjikana, mpaka lupanga la mu gemu limayamba kuloza kumbali inu mutaloza kutsogolo. Sikuwonongeka kumeneko, ndi chibadwa chake. Mankhwala ake ndi kuchipatsa chipangizocho mpata woti chidziwe kuti kusayenda n'kotani.

Gemu ya MotionPlus ikakupemphani, goneketsani rimoti chafufumimba patebulo lolimba, chotsanipo dzanja, n'kudikira masekondi ochepa. Pantchafu, pampando wofewa kapena patebulo limene wina watsamira sipoyenera. Ndaona anthu ambiri akuigwira m'malere n'kumayesetsa kusagwedezeka, koma dzanja la munthu silikhala chete ngati thabwa, ndipo gemu yonse imayenda mokhota chifukwa cha masekondi atatu amenewo. Pa Switch, lowani mu System Settings, kenako Controllers and Sensors, n'kusankha Calibrate Motion Controls, ndipo tsatirani zimene akuuzeni, Joy-Con ili patebulo. Magemu ambiri alinso ndi batani lobwezera pakati. Lipezeni ndipo muzilidina kawirikawiri mukuloza pakati pa sikirini.

Bolodi la Wii Fit likamayaka limadziyeza lokha lisanapondedwe, ndiye musakwere musanauzidwe. Liikeni pansi polimba ndi posalala. Pa kapeti wokhuthala pansi pake pamagunda ulusi ndipo kulemera kumawerengedwa molakwika, n'chifukwa chake pali timiyendo towonjezera. Kwerani opanda nsapato, masokosi amaterera, ndipo musadumphepo ngakhale gemu ikhale ya kudumpha. Pa Ring Fit Adventure, gemu ya Switch yolimbitsa thupi ya mu 2019, Joy-Con ya kumanja imalowa mu mphete ndipo ya kumanzere imalowa m'lamba wa pantchafu ya kumanzere. Mangani lambayo mokwanira, chifukwa akamatsetsereka gemu imaleka kuwerenga bwino mukamathamanga ndi ponjuta.

Mabatire ndi lamba wa padzanja

Batire likayamba kufooka, chipangizo sichizima nthawi yomweyo. Chimayamba kaye kuchita zachilendo: kachala kudumphadumpha, rimoti kuduka mukaigwedeza mwamphamvu, kandodo kopanda waya kuoneka pafupi pokha. Choncho musanachite china chilichonse, ikani mabatire atsopano. Musaphatikize akale ndi atsopano kapena a mitundu yosiyana. Ngati mumasewera kawirikawiri, mabatire otchaja a NiMH ndi abwino. Mukadziwa kuti patenga milungu musanasewerenso, atulutseni. Marimoti ndi mabolodi ambiri amafa ali m'kabati, batire litatuluka madzi n'kudya tizitsulo. Mukapeza ufa woyera uja, valani magolovesi, pukutani ndi kathonje konyowetsedwa pang'ono ndi viniga, n'kusiya kuti paume bwinobwino musanaikemo ena.

Move ndi ma Joy-Con ali ndi batire la lithium m'kati. Joy-Con ikadzaza imatha pafupifupi maola 20, ndipo kudzaza kumatenga maola atatu ndi theka. Ngakhale simukuzigwiritsa ntchito, zitchajeni kamodzi pa miyezi 6, chifukwa batire la mtunduwu likakhala lopanda moto nthawi yaitali limatha kukana kudzuka. Move yakale nthawi zambiri sitchaja pa chaja wamba wa foni, ndiye musafulumire kunena kuti yafa musanaiyese pa makina enieni ali oyaka. Chogwirira chikatupa kapena kutentha modabwitsa, lekani kuchitchaja.

Za lamba ndikupemphani ndi mtima wonse. Wii itangotuluka, marimoti anapulumuka m'manja mwa anthu n'kuswa ma TV, mpaka Nintendo inayamba kusinthira anthu malamba kuti akhale olimbirapo kumapeto kwa 2006, ndipo chaka chotsatira inabweretsa chikuto cha rabara. Valani lamba, mangitsani kotsekera kake, ndipo yang'anani ulusi wake ngati sunayambe kudyeka. Pa Joy-Con, chizindikiro cha + kapena − cha pa lamba chigwirizane ndi cha pa chogwirira musanalowetse, apo ayi chimakanirira. Musanayambe, tambasulani manja onse n'kuzungulira kamodzi pomwe mwaima. Mukagunda kanthu, chisunthe. Yang'ananinso m'mwamba ngati muli nyali kapena fani, ndipo ana aang'ono akhale kumbali kumene mukuwaona, osati kumbuyo kwanu.

Zikakanikabe

Pukutani kawindo kakuda ka rimoti kapena diso la kamera ndi kansalu kofewa kouma. Mafuta a zala okha amatha kuchititsa khungu. Tulutsani mabatire mu rimoti, dikirani mphindi imodzi, n'kubwezeramo. Kumbuyo kwa Move kuli kabowo kakang'ono kobwezeretsera, kamene mungadine ndi nsonga ya kawaya kopanira mapepala. Zimitsani makina, zulani pakhoma kwa mphindi zingapo, n'kuyatsanso.

Kenako siyanitsani mavutowo. Ngati mabatani akugwira ntchito komanso gemu ikumva mukagwedeza dzanja, koma kachala kokha ndi kamene kakusowa, vuto lili pakati pa kandodo ndi kamera ya rimoti. Ngati kachala kakuyenda bwino koma kugwedeza sikukumveka, ndiye kuti ndi tizipangizo ta m'kati. Ngati palibe chimene chikumveka, bwererani ku mabatire ndi kulumikiza. Pomaliza bwerekani chogwirira china chimene mukudziwa kuti n'chabwino, muchiyese pa makina anu, ndipo chanu chikayesedwe pa makina a mnzanu. Chanu chikakana konsekonse, pomwe chobwereka chikuyenda bwino m'chipinda chomwecho ndi kuwala komweko, pamenepo ndiye mungapite kukafuna china. Chakalecho musachitaye m'zinyalala wamba ngati chili ndi batire la lithium m'kati, ndipo chotsekera mabatire, lamba ndi chikuto chake muzisunge, chifukwa zimakwana pa rimoti ina ya mtundu womwewo.